Galasi Lofuna Anthu Awiri

Chinali chaka cha 2022, ine ndili ndi zaka 71. Tinkakhala ku Masasa, awiriwiri ndi mayi a kunyumba. Ana anali atabalalika kale.

Ntchito yanga inali yokonza mawailesi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 kwathu ku Chiradzulu, koma chifikire ku Mzuzu palibe wailesi imene inabwera pakhonde langa kumsika n'kubwerera ili duu. Atabwera ma TV achibokosi aja ndinawaphunzira ndekha. Anali olemera ngati thumba la simenti, koma ndinkanyamula ndekha, galasi nditaligunditsa pamimba. Sindinauzepo munthu kuti tandigwirire uko.

Pofika ma TV opyapyalawa, amene anthu amangowatchula kuti pulazima, maso anali atayamba kufooka ndipo khonde ndinali nditalisiya. Zida ndinabwera nazo kunyumba. Anansi ankandibweretserabe awo akafa. Ambiri vuto limakhala kumbuyo: fyuzi yapsa, kapena kapasita watupa chifukwa cha magetsi ozimazima. Umatsegula chivindikiro, kusintha, kutseka. Galasi lake lakutsogolo ndinali ndisanalichotsepo.

Mayi anadwala kwambiri chaka china, ndipo atachira makutu anatseka. Kuti amve umayenera kufika pakhutu lakumanzere n'kukuwa. Wailesi inasanduka chinthu chachabe kwa iwo, m'nyumba mwa wokonza mawailesi. Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Lilongwe ndiye anatumiza pulazima. Mayi anaimba kwaya kutchalitchi zaka zambiri, choncho ankakonda pulogalamu ya makwaya ya Lamulungu masana. Mawu sankawamva. Ankayang'ana milomo, n'kuizindikira nyimbo, n'kumaimba nawo. Ankaimba mophonya, ndipo ankadziwa. N'chifukwa chake pagulu anasiya kuimba, ankaimba m'nyumba mokha, ine ndekha ndilipo.

Lolemba lina mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi, anandiimbira foni kuchokera kumudzi. Anati anthu a kanema anabwera kudzajambula kwaya yawo ya amayi, ndipo idzaonetsedwa Lamulungu likudzalo, 2 koloko masana. Awiriwa anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi osaonana. Msana wa mayi sukanapirira basi ya ulendo wonsewo, ndipo foni sankaimva. Ndinapita pakhutu n'kuwauza. Anandifunsa kawiri ngati ndamva bwino tsikulo. Madzulo ake anatulutsa bulauzi yawo yoyera ya kwaya m'sutikesi, naichapa.

Lachitatu m'mawa ndili panja, ndinamva TV ikulankhula bwinobwino. Kenaka mayi anatulukira pakhomo.

"Bambo, yazima."

Ndinalowa. Munthu wa nkhani ankawerenga, mawu ali omveka, koma galasi lili bii. Kwa ine TV inali yamoyo. Kwa iwo inali itafa yonse.

Ndinayamba ndi zing'onozing'ono, monga mwa ntchito. Kagetsi kofiira kankayaka. Rimoti inkagwira. Ndinasintha chingwe cha dikoda, osathandiza. Ndinazula pulagi, n'kuigoneka TV chafufumimba patebulo, n'kutsegula kumbuyo. Makapasita onse anali osatupa. Fungo la chopserera panalibe. Ndinayeza ndi mita, magetsi ankafika moyenera. Ndinaiimikanso, n'kuyatsa, n'kutenga tochi. Ukawalitsa tochi chopendeketsa pafupi ndi galasi, ngati chithunzi chilipo chimaoneka ngati mthunzi m'madzi. Chinalipo. Ndinaona tayi ya wowerenga nkhani uja. Ndiye kuti chimene chinafa ndi timababu tating'ono timene timakhala m'mizere kuseri kwa galasi, towalitsa chithunzi. Kamodzi kakapsa, tonse timazima.

Ndinawakodola mayi. Anabweretsa nkhope pafupi, n'kumatsatira kuwala kwa tochi pamene ndinkaiyendetsa. Ataona pakamwa pa munthuyo pakugwedera anaseka. Anati ngati zingavute ndisadzivutitse, Lamulungu ndidzangowagwirira tochiyo, iwo adzamufunafuna okha mng'ono wawo pamzere.

Zinandipweteka. Ndinawauza pakhutu kuti mkazi wa wokonza saonera kanema ndi tochi.

Lachinayi ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita kumsika waukulu. Kuli mayi wina wachitumbuka amene amagulitsa zipangizo za ma TV, ndipo amakonzanso. Anaphunzira zamagetsi kukoleji. Ndi wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri, amanditchula kuti adada. Ndinamuuza kukula kwa TV ndi nambala ya kumbuyo. Anati mizere ya timababu yoteroyo aipeza mawa lake, achotsa mu ina yosweka. Lachisanu ndinabwerera, anaiyesa pamaso panga, timababu tonse tinayaka.

Akukulunga munyuzipepala anandifunsa kuti galasi ndinyamula ndi yani. Ndinati ndekha. Anasiya kukulunga. Anati kuti ufike pa timababu galasi limayenera kuchoka lonse, ndipo ndi lopyapyala chomene, limafuna anthu awiri, wina uku wina uko, manja ali chotambasula, kukweza nthawi imodzi. Anati ndidikire Loweruka masana, akatseka abwera yekha kudzandigwirira.

Ndinamuuza kuti ndinayamba kutsegula ma TV iye asanabadwe.

"Yewo, adada," anatero. "Koma zanu zija zinali mbiya. Izi ndi mazira."

Amuna awiri amene anaima pamenepo anaseka. Ine sindinaseke. Ndinatenga katundu wanga n'kumapita.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza, kenaka kunayera. Ndinayala bulangete patebulo la pabalaza. Masikuluwu ndinaika m'mbale. Ndinamasula feremu pang'onopang'ono ndi chikhadabo, timano take tiwiri tinathyoka, koma zimenezo zimachitika. M'munsi mwa galasi muli timalamba topyapyala ngati pepala tolumikiza ku bolodi. Ndinatimasula, n'kutipindira pamwamba, n'kutimata ndi tepi kuti tisang'ambike. Mpaka pamenepo ntchito inali yoyera. Ndikunena zoona, wa kukoleji sakanaposa.

Mayi anaima pambali, atasamba m'manja, atapukuta pachitenje.

"Ndigwire uku?"

Ndinapukusa mutu. Ndinawalozera kukhonde. Manja awo analibe vuto lililonse, ndi manja amene ankalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi. Anandiyang'ana pang'ono, natuluka. Panja pomwepo, kuseri kwa mpanda wa maluwa, mnansi wathu, mphunzitsi wochokera ku Nkhata Bay, anali kutsuka nsapato ndi burashi. Ndinkamumva. Kumuitana kunali kungokweza mawu. Wa kumsika uja akanafika pakangopita maola anayi.

Ndinalowetsa zala kumbali zonse ziwiri, mikono nditaitambasula mpaka pothera, n'kukweza, pakati ndikupakokera kumimba monga ndinkachitira kale. Linali lopepuka moti ndinadabwa. Ndinaliona likuwerama pakati ngati tsamba la nthochi. Kenaka kaphokoso, kakang'ono, ngati waponda khoko la mtedza.

Ndinaliika pabedi. Ndinayang'ana paliponse, osaona mng'alu. Galasi lozima ndi lakuda, limabisa. Ndinadziuza kuti kalira ndi kadzino ka feremu.

Pansi pa galasi pali mapepala oyera atatu, ndinawachotsa osasokoneza ndondomeko yake. Timababu tinaonekera. Kamodzi kanali ndi kadontho kakuda pakati. Ndinachotsa mizere yakale, n'kumata yatsopano, n'kuyesa. Munawala mwaa. Ndinabwezera mapepala, n'kubwezera galasi, ndekhanso, n'kulumikiza timalamba, n'kumanga. Sikuluwu imodzi inasowa. TV ndinaiimika pamalo pake n'kuyatsa.

Kumanja chithunzi chinabwera chowala kuposa tsiku limene inafika. Kumanzere kunali chibanga chakuda ngati inki yotayika, chochokera pakona yapamwamba pamene panali chala changa chachikulu, ndi mizere yobiriwira ndi yofiira yotsika mpaka pansi. Gawo limodzi mwa magawo atatu linapita.

Ndinakhala pampando. Mayi analowa, naona kuwala, nawomba m'manja kamodzi. Kenaka anaona chakudacho. Anandifunsa ngati ikadatenthabe, ngati mbali iyo iyera ikakhalitsa.

Ndikanatha kunena kuti timababu ta kumsika n'tachinyengo. Ndikanatha kunamizira magetsi. Akanakhulupirira, chifukwa pa zamagetsi sananditsutsepo. Ndinati, chapansipansi, ndaswa.

"Mwati bwanji?"

Ndinabwereza. Anapendeketsa mutu, kundipatsa khutu lakumanzere. Ndinaimirira, n'kufika pafupi, n'kukuwa monga mwa masiku onse.

"Ndaswa ndine! Ndinanyamula ndekha!"

Panja burashi inasiya kulira. Nyumba za ku Masasa n'zoyandikana, ndipo zenera linali lotsegula. Mzere wonse unamva.

Mayi sanayang'anenso TV. Anagwira manja anga onse awiri, nawatembenuza, nayang'ana zala chimodzichimodzi.

"Simunadzicheke?"

Ndinapukusa mutu. Anati ndiye basi, napita kukatereka madzi a tiyi.

Masana wa kumsika uja anafikadi, ngakhale ndinamuyankha mwano. Analonjera mayi m'Chitumbuka, atagwada pang'ono, kenaka anaima patsogolo pa TV nthawi yaitali. Sananene kuti ndinakuuzani. Anati timababu ndamata bwino chomene, kuwala kuli kofanana paliponse. Za galasi anati losweka silikonzeka, ndipo lina lolingana nalo silingapezeke mu Mzuzu pofika mawa. Anayesa kuchepetsa chithunzi ndi rimoti kuti chithawe chibangacho, koma chinkangochepera pakati. Anamwa tiyi, napita.

Mphunzitsi uja naye anabwera, akuchita ngati sanamve kanthu. Anati amama akhoza kudzaonera kwawo mawa. Ndinawauza mayi, ndipo ndinawakakamiza, ndinati mpando ndikawanyamulira ndine. Anakana. Anati nyimbo za kwawo sangazione ali chete, ndipo kunyumba kwa eni sangaimbe. Mphunzitsiyo anati ndiye atsitsa yawo pakhoma pamene anaikhomera, tiinyamule awiri. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuvomera thandizo pa ntchito yanga, ndinati chabwino. Nditawauza pakhutu, mayi anakweza dzanja.

"Ayi, aphunzitsi. Galasi limodzi lakwana sabata ino."

Mphunzitsiyo anayang'ana pansi, mapewa akugwedera ndi kuseka. Nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu magetsi analipo. Tisanafike 2 koloko mayi anali atavala bulauzi yoyera ndi duku, atakokera mpando pafupi. Ine ndinakhala kumbuyo pang'ono. Panadutsa kwaya ina ya achinyamata, kenaka inabwera yawo. Tchalitchi ndinachizindikira, ndi chimene tinakwatiriramo. Amayi anaima mizere itatu. Wojambula anaika kamera malo amodzi, sanaisunthe. Mayi anayendetsa chala pagalasi, kutchula amene ankawadziwa, uyu wakalamba, uyu ndi mwana wa uje. Chala chinafika pamene panayambira chakuda, n'kuima. Mng'ono wawo amaima kumapeto kwa mzere wakutsogolo, kumanzere. Anaimapo kuyambira ali mtsikana.

Nyimbo yoyamba anaimba nawo, akuwerenga milomo ya a kumanja. Yachiwiri chimodzimodzi. Maso ankabwerera kuchibanga kuja. Ine ndinasendera n'kuika khutu pasipika. Pakati pa mawu onse panali amodzi otsogola pang'ono, olowa anzake asanalowe. Ndinawadziwa. Ndinapita pakhutu la mayi n'kuwauza kuti ndikumumva, akuthamangira kutsogolo.

"Sanasinthe," anatero. "Aphunzitsi a kwaya ankamukalipira zomwezo."

Nyimbo yachitatu inali yovina. Mzere unayamba kuyendera kumanja ndi kumanzere. Ukapita kumanja, m'chakuda muja munkatuluka mkono wogwira kampango koyera, chigongono chili m'mwamba. Ukabwerera, mkono unkalowanso. Mayi anasiya kuimba. Anaika chala pamalire pomwepo, kudikira. Mkono unatulukanso.

"Ndi iyeyo. Chigongono cha amayi athu ichi."

Anakhala chomwecho mpaka nyimbo inatha, chala pagalasi. Kamodzi kanaoneka kansonga ka duku ndi phewa. Kupitirira apo ayi. Kenaka panabwera zamalonda.

Anavula duku, nalipinda pamwendo. Anati mkonowo ndi wonenepa, ndiye kuti akudya bwino kumudziko, mtima wawo wakhala pansi. Anandiuza kuti ndimuimbire foni ndimuuze kuti tamuona. Ndinaimba. Mlamu anafunsa ngati anaoneka bwino. Ndinamuuza zonse monga zinachitikira, ndi amene anaswa. Kenaka anafunsa ngati achemwali ake anaimba nawo. Ndinati anaimba.

Masabata otsatira tinkakhala pamenepo Lamulungu lililonse kudikira kuti mwina abwereza. Sanabwereze. TV ija ilipobe, timaonera mbali yotsalayo, ndipo timababu sitinazimeponso. Anansi amabweretsabe awo, koma ocheperapo. Likakhala vuto lofuna kuchotsa galasi ndimadikira mayi asambe m'manja.

Zimene zinatayika ndi izi. Timano tiwiri ta feremu. Sikuluwu imodzi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a galasi. Makasitomala anayi a mumzere wathu, amene tsopano amapita kumsika. Ndi nkhope ya mlamu wanga, nyimbo zitatu zathunthu.