Dzanja Pansi pa Munsi

Ku Asafo, kuseri kwa siteji ya mabasi mumzinda wa Kumasi, aliyense wodya fufu, chakudya chosinja cha chinangwa ndi nthochi, kulesitilanti ya Maame Tiwaa ankalidziwa dzanja la Frempomaa, ngakhale ambiri nkhope yake sakanailoza. Nkhopeyo inkakhala yowerama tsiku lonse. Iye ankakhala pa kampando kafupi, mtondo pakati pa miyendo, mbale ya madzi pambali. Munsi ukakwera, dzanja lonyowa lilowe, lipinde chinangwa ndi nthochi zophikazo, lituluke. Munsi utsike, phi! Kuchedwa pang'ono chabe, zala wazisiya momwemo. Ndi ntchito imeneyi imene Frempomaa anaphunzitsira ana ake, mwamuna atapita ku migodi ya ku Obuasi n'kuiwala njira yobwerera.

Anachokera ku Effiduase ali mtsikana, ndipo kutembenuza fufu anaphunzira kwa azakhali ake, mayi wankhanza amene ankasinja ngati akumenya wakuba. Pofika kwa Maame Tiwaa n'kuti atadutsa kale pansi pa minsi ya anthu ambiri, aulesi, oledzera, ndi ena ongoyang'ana atsikana odutsa. Onsewo ankawayang'anitsitsa ndi diso limodzi, mtima uli m'mwamba. Kenako kunabwera Atinga.

Atinga anali wakumpoto, wa ku Bolgatanga, wamtali, wowonda moti Frempomaa atamuona anaseka poyera.

"Maame, ameneyu mwamutola kuti? Adzanyamula munsi, kapena munsi ndi umene udzamunyamule?"

"Sista, khalani pansi muone," anatero Atinga m'chinenero cha ku Kumasi chimene ankachithyola mochititsa chisoni.

Frempomaa anakhaladi pansi, ndipo sipanathe mwezi, diso lija linasiya kuyang'ana munsi. Atinga ankatulutsa kampweya m'mphuno asanatsitse, nthawi zonse mofanana, kaya watopa kaya wakwiya. Dzanja la Frempomaa linakaloweza kampweyako. Ankatha kutembenuka n'kumakalipira dalaivala wa minibasi amene waimika pakhomo, kukambirana mtengo wa makala, ngakhale kuseka mpaka misozi, dzanja likulowa n'kutuluka lokha. Makasitomala ankawatcha banja. Iwo ankakangana ngati banja ndithu, kuyambira m'mawa mpaka mapoto atatsukidwa.

"Iwe Atinga, ukusinja kapena ukusisita? Kwanu kuja mumadya mibulu eti?"

"Sista, pakamwa panu pakanakhala munsi, bwenzi ine ndikupuma."

Mayi a Frempomaa atamwalira, Atinga anakwera basi mpaka ku Effiduase atavala nsalu yakuda yobwereka, yomanga molakwika, ndipo ananyamula mipando ya pamaliro mpaka mapewa kufiira. Mkazi wa Atinga atachira mwana wachiwiri, Frempomaa ndi amene ankapita ndi msuzi wa tsabola ndi kukasambitsa khandalo. Zaka zinapita choncho, ana n'kukula, mitondo n'kumang'ambika n'kumagulidwa ina.

Maame Tiwaa anali mayi wonenepa, wa mawu ngati lipenga, wokhala pafupi ndi poto wa nyama ya mbuzi. Ankakalipa, ee, ankakalipa ndithu, koma wantchito wawo akadwala ankadya asanadye kasitomala. Ndipo ankaona zinthu. Anaona kuti Atinga wayamba kuvula malaya ndi dzanja limodzi, lina likukana kukwera. Anaona mafuta amene ankadzola paphewa mobisa kuseri kwa matumba a makala. Sanamufunse. Anadikira tsiku limene mkulu wina wa sukulu ya ku Sunyani, wokonda msuzi wa mtedza, anadandaula kuti akusowa mlonda wa pageti wokhulupirika. Mkuluyo asanasambe m'manja, nkhani inali itatha: ntchito yokhala pampando, nyumba ya pasukulu, penshoni.

Frempomaa anamva nkhaniyi dzanja lili mu mtondo, ndipo kwa nthawi yoyamba anauza Atinga kuti aime.

"Maame, mwamuchotsa?"

"Ndamupezera pabwino."

"Nanga ine?"

"Iwe uli ndi chiyani? Phewa lako likuwawa?" Maame anaika chikombe pansi. "Frempomaa, mapewa a munthuyu ndawadya zaka zonsezi. Ukufuna ndidye ndi mafupa omwe? Akapuwala, udzamusunga ndiwe?"

Frempomaa anakwiya kwambiri. Anakwiyira Maame chifukwa ananena zoona. Anakwiyira Atinga chifukwa anavomera. Tsiku lotsanzikana Maame anatseka msanga, anagula zakumwa, anam'patsa Atinga nsalu ndi nsapato zatsopano, n'kumuuza pamaso pa onse kuti akakazunzidwa kumeneko abwerere, khomo ndi lake. Aliyense analankhula. Frempomaa anangoti, "Pita ukanenepe pageti." Atatero anapita kuseri kukalira, ndipo analira mpaka mutu kuwawa.

Wolowa m'malo anali Saaka, bambo wa ana anayi amene kale ankasenza zilazi kumsika waukulu. Mphamvu anali nazo za anthu awiri, ulemu ngati wa mkamwini watsopano. Vuto lake linali limodzi: ankaliopa dzanja lija. Ankakweza munsi n'kuugwira m'mwamba, maso ali pa zala za Frempomaa, kudikira kuti zichoke. Zikachoka ankadikirabe pang'ono kuti atsimikize. Kwa munthu wongodutsa, amenewo ndi makhalidwe abwino. Kwa wotembenuza fufu, palibe choopsa kuposa wosinja wokayika. Dzanja la Frempomaa linkayenda ndi kampweya ka Atinga, kamene kunalibenso. Linkatuluka, n'kumva kuti nthawi ya munsi yadutsa, n'kubwereranso.

Lamlungu lina, anthu ochokera ku tchalitchi atadzaza mabenchi, dzanja linabwerera pamene Saaka anali atatsimikiza n'kutsitsa munsi. Frempomaa sanakuwe. Amene anakuwa ndi Saaka, n'kuponya munsi, manja kumutu. Zala ziwiri zinathyoka, chikhadabo chimodzi chinatsala mu fufu.

Mlendo angafunse kuti bwanji osagwiritsa ntchito dzanja linalo. Ha! Fufu wotembenuza ndi dzanja lamanzere angamudye ndani ku Kumasi? Ngakhale galu angayambe wafunsa. Choncho Frempomaa anakhala kunyumba ku Atonsu, dzanja lili mu bandeji, ndipo chinangwa cha Maame chinkapita ku makina a pamsewu wotsatira, aja ongothira uku n'kutulukira uko. Makasitomala akale anadandaula kuti fufuyo alibe moyo. Koma ambiri sanazindikire n'komwe, anangodya n'kunyambita zala. Frempomaa atamva zimenezo zinamupweteka kuposa munsi. Mwana wamkazi wa Maame, wophunzira za malonda, anali atayamba kale kufunsa mitengo ya makinawo.

Maame anabwera okha ku Atonsu, akupuma wefuwefu pa masitepe, atanyamula kapoto ka msuzi.

"Ndabwera ndi mawu awiri. Oyamba: ntchito siinathe. Ukhala pa chikombe, uzigawa msuzi pambali panga, malipiro omwewo. Zala zako zavutika mokwanira."

"Achiwiri?"

"Saaka akufuna kusiya. Akuti sagona, akumva fupa likuthyoka. Ndamukaniza."

Frempomaa anayang'ana bandeji ija. Chikombe! Kukhala pamthunzi n'kumafunsa anthu ngati akufuna mwendo kapena nthiti, makina akulira pamalo pamene iye anakalambira.

"Maame, munandipeza pa mtondo. Mudzandisiya pa mtondo."

"Ukuopa, ndikukuona m'maso."

"Ndikuopa, inde. Ndiye?"

Maame anagwedeza mutu. "Makani akowa adzakupha. Chabwino. Makina sindigula mpaka utandiuza ndi pakamwa pako kuti walephera. M'mawa uliwonse, anthu asanabwere, mtondo ndi wanu awiri. Chinangwa choonongeka ndi changa, musachiwerenge."

Bandeji itachoka, zala ziwirizo zinali zopindika pang'ono, zouma ngati tinkhuni. Ankaziviika m'madzi ofunda, kuzipinda, kuziwongola, akutukwana chapansipansi. M'mawa woyamba sanaike dzanja mu mtondo. Anakhala pa kampando kake, manja pamaondo, n'kuuza Saaka kuti asinje.

"Sista, ndikhululukireni, ine tsiku lija..."

"Braa Saaka, ndati sinja. Zopepesa ukapepese ku tchalitchi."

Anasinja, iye atatsinzina. Popanda dzanja loti aziliopa, Saaka anali munthu wina. Munsi wake unkatsika mochedwerapo kuposa wa Atinga, molemera, ndipo asanatsitse ankakhwekhwereza chidendene pasimenti, khwe, phi, khwe, phi. Sankaphonya. Frempomaa anamvetsera choncho m'mawa wambiri, atsikana otsuka mbale akunong'onezana kuti mayiyu mutu wasokonekera. Akuyenda kupita ku siteji ankaponda motsatira chidendene chija. Akuchapa, chimodzimodzi. Koma kampweya ka Atinga kankabwerabe, kankalowerera pakati osaitanidwa, ndipo ankachita kukakankha ngati mbuzi yolowa m'khitchini. Zinkamumvetsa chisoni kuthamangitsa mnzake m'dzanja lake lomwe, koma ankathamangitsabe.

Tsiku limene ananyowetsa dzanja, anayamba ndi kumulangiza Saaka.

"Ukuona khoma ilo? Ukuona msomali uwo? Maso ako akhale pamenepo. Dzanjali ndi langa, ndilisamala ndekha."

"Nanga ndikakupwetekaninso?"

"Unandipweteka chifukwa unkandimvera chisoni. Chisoni chako ndi chimene chinandithyola zala. Menya ngati mulibe munthu."

Khwe, phi. Khwe, phi. Dzanja linafika pamlomo pa mtondo n'kukana. Linangoima pamenepo. Frempomaa analiyang'ana mokwiya ngati mwana wamwano pamaso pa alendo. Minsi ingapo inadutsa. Maame anali pa poto wawo atatembenukira kwina, akutakasa msuzi umene sunkafunika kutakasa. Ndiye Frempomaa analuma mano, anamva khwe, analowetsa, anapinda, anatulutsa. Phi! Zala zonse zinalipo. Analowetsanso.

Fufu wa m'mawa umenewo anali ndi mibulu yoti mwana angasewere nayo, ndipo anadya okha antchito. Wa sabata yotsatira anali bwinoko. Mvula isanathe, chinangwa chinasiya kupita ku msewu wotsatira, ndipo mwana wa Maame anasiya kutchula za makina, poti mayi ake ankangomulozera ku mtondo ndi chikombe. Saaka nayenso anayamba kuyankha.

"Braa Saaka, lero wadya? Munsiwu ukutsika ngati ukupempha chilolezo."

"Sista, ndikusungira mphamvu zokunyamulani mukakomoka ndi zolankhula."

Sukulu zitatsekera, Atinga anatulukira masana ena, atanenepadi, masaya ali phwii, nsapato zija zikuwala. Panali chiphokoso! Atsikana anamukumbatira, Maame anamutukwana chifukwa chosabweretsa mkazi wake, madalaivala anaimirira pa mabenchi. Frempomaa anamugwira mkono osausiya, akuseka, akumufunsa za ana, za phewa, za nyumba ya pasukulu.

"Banja labwererana!" anakuwa dalaivala wina. "Atinga, tenga munsi tione ngati ukadali mwamuna!"

Saaka anaupereka ndi manja awiri. Atinga anavula nsapato, analavulira m'manja, anaima pamalo pake pakale. Frempomaa ananyowetsa dzanja akumwetulira. Kampweya kaja kanamveka, komweko, kosasintha ngakhale pang'ono. Koma munsi unafika dzanja lisanakonzeke, ndipo analibweza msanga. Anayesanso. Munsi unadutsa pafupi ndi zala moti anamva mphepo yake. Kachitatu sanayese. Anaika dzanja pabondo.

Atinga anaimitsa munsi.

"Sista, ndine Atinga."

"Ndikudziwa, mchimwene wanga. Ine sindinakuiwale." Anayang'ana zala zopindika zija. "Ili ndi limene lakuiwala. Ndinachita kuliphunzitsa."

Atinga anayang'ana munsi umene unali m'manja mwake. Zinamuwawa, zinkaoneka pankhope, ndipo Frempomaa zinamuwawa kawiri. Koma chinangwa chinkazizira mu mtondo, ndipo chikazizira sichisinjika. Atinga ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Anatembenuka n'kumupatsa Saaka munsi uja, nayenso ndi manja awiri, n'kukavala nsapato zake.

Maame anamukhazika pa benchi ya kutsogolo, anamupatsa fufu, msuzi ndi nyama yokwana anthu atatu. Atinga anadya akuyang'ana dzanja lija likulowa n'kutuluka pansi pa munsi wa munthu wina, osaphonya. Atamaliza anakweza mbale kuti akufuna fufu wina. Frempomaa anaiona mbaleyo, anathira chinangwa china mu mtondo.

"Braa Saaka, menya," anatero. "Mlendo wathu sanakhute."