Mapazi M'zingwe za Mnzake

Mlongo wanga wamng'ono anapita ku Joni kukasaka ganyu ngati anyamata ena onse a ku Chilobwe, koma poti iye mutu wake unali wakewake, anakapeza ntchito pabwalo la anthu odumpha m'ndege. Poyamba ankangowapindira maparachuti. Kenako anayamba kudumpha nawo. Vidiyo yoyamba inandipeza ndili mu ofesi m'tauni, ndipo ndinamuyankha kuti ngati moyo wamukwana abwere tidzamupatse khasu.

Sikunali kudumpha wamba. Ankatuluka m'ndege anthu anayi, aliyense n'kutsegula parachuti yake, kenako n'kumayandikirana m'mwambamo mpaka kusanjikizana. Wapamwamba ankakola mapazi m'zingwe za parachuti ya mnzake wapansi, wapansiyo n'kukolanso za wina, onse n'kumatsika pamodzi ngati mbale zosanja. Mlongo wanga ankakhala pamwamba penipeni. Ankadzitama kuti mapazi ake amagwira kuposa manja a anthu ena. Amayi ankati amenewo ndi maambulera, ndipo ankakana kuonera.

Chaka china, nthawi ya chiperoni, anangotulukira osauza munthu, kachikwama kamodzi paphewa. Analibe bala paliponse. Koma munthu amene ankadzaza nyumba ndi phokoso ankangokhala pakhonde, maso ali kuphiri la Soche, ngakhale phirilo litabisika m'nkhungu. Tikakwera minibasi ya ku Limbe ndinkaona atakola mapazi kuchitsulo cha mpando wakutsogolo, osamasula ngakhale galimoto itaima. Tsiku lina kondakitala anachita kumugwedeza kuti atsike. Ine mtima wanga ndi wapachala, koma ndinaugwira osamufunsa kanthu. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti akhale kuno, asabwererenso.

Anadzayankhula yekha Lamlungu lina titachokera ku tchalitchi, amayi akusankha nyemba pakhonde pomwepo. Anati tsiku lina akudumpha, amene ankabwera kudzalumikiza pansi pake anali mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Parachuti ya mnzakeyo inafika mothamanga, inamukulunga miyendo mpaka m'chiuno, n'kuphwa mpweya. Mnzakeyo anatsala akulendewera, kulemera kwake konse kuli pamapazi a mlongo wanga, anthu awiri akutsika mozungulira pa parachuti imodzi.

"Pali lamulo, achemwali," anatero akuyang'ana ine. "Zikatero wapansi ndiye amalamula. Sumusiya asananene, ndipo akanena sudikira. Ukachedwa nthaka imakhala yafika, parachuti yake yachiwiri sipeza mpata wotseguka."

"Ndiye ananena?" ndinafunsa.

"Anakuwa kuti ndimusiye. Ndinamva bwinobwino. Ndinasolola mapazi."

Parachuti ija sinadzukenso. Mnzakeyo anaidula n'kutsegula yachiwiri, koma zingwe za yoyamba zinali zitamukola mkono, maparachuti awiriwo n'kupiringizana, iye n'kukagwa pansi n'kufera pomwepo. Mlongo wanga anaona zonse ali pamwamba, iye akutsika bwinobwino ngati palibe chachitika. Akuluakulu a pabwalopo atafufuza anamuuza kuti anachita zoyenera, kuti akanakakamira akanapita onse awiri.

Tsono kwathu tinakulira nkhani imodzi. Agogo athu aamuna anachoka ku Milanje, ku Mozambiki, wapansi, atabereka mng'ono wawo wodwala. Anthu panjira ankawauza kuti amutule, wodwalayo naye ankachonderera kuti amusiye pansi pa mtengo, koma iwo anafika naye ku Limbe ali moyo. Tikakangana tili ana, amayi ankatitsekera pakamwa ndi nkhani imeneyi, kuti kwathu sitisiya munthu panjira.

Amayi sanadzutse mutu pa lichero. Anafunsa mofatsa, mopanda mkwiyo.

"Ndiye unamusiyadi?"

"Anandiuza yekha, amayi."

"Munthu akamavutika amanena zambiri, mwanawe. Agogo ako nawonso ankauzidwa choncho."

Chibadwire ndinali ndisanawakwezere mawu amayi, koma tsiku limenelo ndinawakalipira mpaka oyandikana nawo anasuzumira kumpanda. Ndinawauza kuti m'mwamba si panjira ya ku Milanje, kuti kumeneko kulibe mtengo wopumirapo. Iwo analira, akuti sanatanthauze zoipa, ndipo ndikudziwa kuti ankanena zoona. Koma mawu anali atatuluka kale. Mlongo wanga anangowerama n'kutola nyemba zomwe zinagwa, kuzibwezera pa lichero imodziimodzi.

Anakhalabe kwa kanthawi. Anatikonzera denga lomwe linkadontha, amayi akumuphikira zonse zomwe ankakonda ali mwana. Nkhani ija sinatchulidwenso, komabe inkakhala nafe patebulo. Kenako anagula tikiti. Ndinamuperekeza kudepoti ya Wenela ndikumunyengerera, ndikumulonjeza ntchito kwa anthu odziwana nawo, pomaliza ndikumutukwana. Iye anangondigwira paphewa n'kukwera basi. Ndinabwerera ku ofesi ndili ndi mantha omwe sanandichoke mpaka lero.

Patapita miyezi ananditumizira vidiyo ina. Ndinayang'ana pamwamba, pamalo ake, ndinaona munthu wachilendo. Ndinatsika nawo mmodzimmodzi mpaka ndinamupeza kumapeto, pansi pa onse, mapazi ake akungolendewera osagwira kanthu. Ndinatuluka panja pa ofesi n'kumuimbira.

"Bwanji wasintha malo?"

"Ndinapempha ndekha. Sindigwiranso munthu, achemwali. Panopa wogwira ndi wina."

"Nanga zikadzakolananso?"

"Wolamula ndidzakhala ine."

"Ndiye udzanena? Udzamuuza kuti akusiye, mwana wa eniake adzayende ndi katundu ngati wakoyu?"

Ndinkamva ndege ikulira kumbali kwakeko, kuno mavenda akuitanira malonda. Ndinadziwa kuti funso limenelo analiganizira kale, ndipo yankho analibe, kapena anali nalo koma silinali loti n'kuuza mchemwali wake.

"Mundiperekere moni kwa amayi," anatero.

Moni ndinapereka. Amayi amafunsa Lamlungu lililonse ngati mwana wawo ali bwino ndi maambulera ake, ine ndimati ali bwino. Zoti anasamukira pansi sindinawauze.