Tambala wa apongozi ndi waya wa m'kamwa mwanga

Abale anga owerenga, sabata ino ndawaonetsa mano apongozi anga. Musathamangire kukaitana ankhoswe, yambani mwamva nkhani yake.

Amene mumandidziwa pano pa boma la Mwanza mwaona kuti ndasowa pamsika ndi pabawo. Mwezi wathawu ndinapita kwa Nthache kukaona apongozi anga, a Nachisale, ndipo pobwerera anandimangirira dengu la manachesi panjinga. Ndikutsika kaphiri kena mabuleki anandikana. Njinga inalowera kwake, manachesi kwawo, ine chibwano pamwala.

Anandinyamula mpaka ku Blantyre. Dokotala anati fupa la chibwano lathyoka, ndipo mankhwala ake n'kulimanga kuti lisagwedezeke. Ine ndinkayesa amanga ndi bandeji monga amachitira ndi mwendo. Ayi ndithu. Anatenga waya, waya weniweni, n'kuluka mano am'mwamba pamodzi ndi am'munsi. Anati ndikhala choncho mwezi ndi theka, ndipo ndikayerekeza kumasula ndekha, chibwano chidzapola chokhota, ndidzatafunira kukhutu moyo wanga wonse.

Mwayi wanga ndi woti dzino limodzi lakutsogolo linatsala pamwala paja. Pampata pamenepo ndi pamene pakulowera kapaipi, ndipo m'kapaipimo mukudutsa phala lamadzimadzi ndi thobwa losefa. Ndikati ndilankhule, ndimangong'ung'udza ngati njuchi m'botolo. Mayi akunyumba akuti chikwatiranireni pakhomo pathu sipanakhalepo mtendere wotere. Mnzanga wina wakuofesi anayang'ana uku ndi uku n'kundinong'oneza kuti masiku ano ine ndiye ndili pabwino, palibe angandinamizire kuti ndinanena chakuti.

Odzazonda abwera, ndipo ndikuthokoza. Koma tandiuzani, munthu wamva kuti mnzake wamangidwa pakamwa, amanyamuliranji nzimbe? Wina chimanga chootcha, wina mtedza wokazinga. Che Saidi agolosale anabwera ndi nyama yambuzi yonunkhira mpaka kumsewu. Aliyense amayamba walawa yekha kuti wodwala asakayike, ndiye poona kuti wodwalayo sakudya amapitiriza kulawa mpaka mbale mbee. Ine ndimangoperekeza ndi maso.

Tsono Lachiwiri kunatulukira apongozi.

Achinyamata am'tauni mwina simudziwa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni mumapatsana wina atayang'ana kumpanda, wina kumtengo. Ine ndi a Nachisale talemekezana chotero zaka zoposa khumi. Mawu awo ndimawadziwa, zitenje zawo ndimazidziwa, zidendene zawo ndingazizindikire pagulu la anthu, koma nkhope yawo ndinkangoimva kwa mayi akunyumba.

Anabwera ndi tambala wokazingakazinga m'kapoto, ndiponso ndi a Nangozo, mnansi wawo amene nkhani amaifalitsa msanga kuposa wailesi. Anayala mphasa kuseri kwa khitchini, ine ndili m'nyumba, mayi akunyumba ali pakalikiliki kunyamula moni uku ndi uku. Kenaka mbale inalowa. Ndinainunkhiza, ndinaiyang'ana mwachikondi, mbale n'kubwerera momwe inabwerera.

Mayi akunyumba anafotokoza za waya. Apongozi anati asawapusitse, iwo si mwana. Waya ndi womangira mpanda ndi kutchera nkhanga, munthu angaikidwe waya m'kamwa n'kumapumabe? Anawalamula kuti aibwezenso mbaleyo.

Apa ndi pamene mayi akunyumba anandinong'oneza chimene chinawayendetsa amayi awo ulendo wonsewo. Kumudzi anthu ayamba manong'onong'o. Akuti mkamwini wakhala akutsika kaphiri kameneko chikwatire osagwa, wagweranji tsiku limene wanyamula manachesi a Nachisale? Inu mukudziwa dzina limene amapatsidwa mayi wamasiye wokalamba anthu akayamba kufunsa mafunso otere. Ana a anzawo aleka kale kulandira mbatata m'manja mwawo. Choncho anapha tambala yekhayo amene anali naye, n'kutenga a Nangozo kuti akachitire umboni kumudzi kuti mkamwini wadya chakudya chawo osaopa. Ndiye mbale ibwerere yodzaza a Nangozo akuona?

Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndinaviikadi kapaipi kanga pansi pa mbale kufuna timsuzi, koma tambala wokazinga alibe msuzi, ndipo kachidutswa ka anyezi kanatseka paipi yonse. Kulemba pepala sikukanathandiza, chifukwa woliwerenga akanakhala mwana wawo yemweyo amene sakumukhulupirira. Mbale inatulukanso, tambala ali wathunthu.

Kuseri kuja ndinamva apongozi akumina, akumanga kamtolo kawo, akuuza mwana wawo motsitsa mawu kuti amva, sabweranso kudzativutitsa. Ndikuuzeni zoona, mtima unandipweteka kuposa chibwano. Maso anga anagwera pa pulayala yokonzera njinga imene inali pawindo, ndipo ndinaitenga ndithu m'manja. Ndisankhe chiyani, chibwano chokhota kapena apongozi otchedwa mfiti?

Ndinaibweza pulayala ija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatuluka, n'kuzungulira khitchini, n'kukagwada pamaso pawo penipeni. A Nangozo anadziphimba kumutu ndi chitenje, koma diso limodzi analisiya panja. Apongozi anatembenukira kukhoma, ine n'kuwatsata choyenda ndi maondo. Anatembenukira kumpanda, ine komweko. Tinazungulira mphasa yonse ngati nkhuku ndi mwanapiye. Atasowa kolowera, ndinakweza milomo yanga ndi zala, mano onse pamtunda, waya ali ngwee padzuwa.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatambasula chala n'kugunda wayayo pang'ono, monga amayesera mphika ngati uli ndi mng'alu.

"Mayo ine, mwana wanga," anatero, "akusokani ngati thumba la chimanga. Ine ndimayesa mwandida."

Ndinapukusa mutu, misozi ikutsikira pachibwano chotupacho. A Nangozo anafunsa ngati wayayo ndidzamubweze kuchipatala kapena ndidzabwere naye, chifukwa khola lawo la nkhunda likugwa.

Zotsatira zake zinachitika mofulumira. Apongozi anaitanitsa mtondo, n'kumusinja tambala uja mpaka kukhala phala. Anamuwiritsa ndi madzi, anamusefa pakansalu koyera, ndipo kapu anaigwira okha pamene ine ndinkakoka ndi kapaipi. Chichokereni kuchipatala, tsiku limenelo ndi limene m'mimba mwanga munalowa chinthu cha fungo la ndiwo. A Nangozo anaonerera mpaka dontho lomaliza, ndipo pofuna kuti umboni ukhale wokwanira anadya zonse zotsala pakansalu.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikuganiza, poti kuganiza ndiye ntchito yokhayo imene dokotala sanaimange. Mwambo wathu wa ulemu sindikuunyoza ayi. Umaletsa mikangano yambiri, ndipo ndikudziwa mabanja amene akanatha kalekale apongozi ndi mkamwini akanamaonana tsiku ndi tsiku. Koma taonani pamene unatsala pang'ono kutifikitsa. Mayi wokalamba akanabwerera kwa Nthache akulira, atasenza dzina loipa, pamene yankho linali kuseri kwa khoma limodzi, m'kamwa mwa munthu amene saloledwa kumuyang'ana.

Ndipo si apongozi okha. Alipo abambo amene amalankhula ndi ana awo kudzera mwa mayi mpaka anawo kumera imvi. Alipo achimwene amene amatumizirana moni kudzera mwa kondakitala wa basi. Timati ndi ulemu, koma nthawi zina ndi mantha ovala jekete. Uthenga ukadutsa m'makutu atatu umafika wopindika, ndipo wina amapitiriza kutumiza nzimbe kwa munthu amene sangatafune. Akabweza, timati ngwamwano. Ndani anapita kukamuona kukamwa?

Madzulo potsazikana, apongozi anabwerera ku mwambo wawo. Anayang'ana kumpanda, ine kumtengo wa mango. Koma ndinawamva akuuza mwana wawo, mosanong'ona kwenikweni, kuti zaka zonsezi ankayesa mwanayo anakwatiwa ndi munthu wooneka bwino. Mayi akunyumba anati n'kutupa chabe. Apongozi anati chabwino, adzabweranso waya akachotsedwa kuti adzaone okha ngati nkhopeyi imasintha. Ndawapempha mayi akunyumba, ndi manja, kuti asawalonjeze zambiri.

Ine mwayi wanga ndawaona a Nachisale ali moyo. Ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere, ndipo akamaseka amatseka maso ngati mwana wanga wamkazi. Zimenezi palibe anandiuzapo.

Nanga inu, munthu amene mwakhala mukumulemekeza ndi nkhongo zaka zonsezi, mudzamuyang'ana liti kumaso? Kapena mukudikira tsiku limene adzalengeze kuti achibale alowe m'nyumba akaone nkhope?