Loko wa Alberto pa Mjigo wa pa Mtengeza

Anthu a pa Mtengeza amati Alberto Napua ndi mbala imene inachokera ku Mozambique ndi kathumba kamodzi n'kudzatilanda madzi. Mawu amenewa ndawamva pamsika, pachigayo ndi pakhonde la amalume anga, ndipo ndikuwakana. Mbala imatenga chinthu chimene mwini wake akuchisamala. Pamene Alberto ankatenga mjigo wathu, unali utatha miyezi isanu ndi iwiri osatulutsa ngakhale dontho, mbuzi zikugona pasimenti pake, ndipo mwa onse akufuula lerowa palibe amene anali atagwirapo sipanala. Koma wina asaganize kuti ndikumuyeretsa. Munthuyo ndi wamwano ndiponso wouma mutu. Mlandu ali nawo, kungoti si umene akumuimbawo.

Anabadwira ku Cuamba, kumene ankakonza mapampu a madzi pa siteshoni ya sitima. Nkhondo itafika kumeneko mu 1987, anadutsa malire pa Chiponde ndi mkazi wake Joana ndi mwana wakhanda. Kumsasa wa othawa nkhondo sanakhalitseko. Anati sangathe kukhala pamzere wa ufa mwezi ndi mwezi manja ali nawo, choncho anadzapempha malo kwathu n'kuyamba kumata machubu a njinga ndi kuwotcherera ndowa zobooka.

Amene sadziwa Mtengeza amve izi. Tili kumtunda kwa Malindi. Nyanja timaiona bwinobwino, koma mayi wosenza ndowa amatsika maola awiri n'kukwera atatu. Mu 1988 bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linatikumbira mjigo n'kuusiya m'manja mwa komiti ya anthu khumi, wapampando wake ali amalume anga, Che Jaffalie. Usanathe chaka unafa. Komiti inakumana, inalemba kalata yopita kuboma, kenako inakumananso kuti ikambirane chifukwa chake kalatayo sinayankhidwe. Ntchito yawo yonse inali imeneyo.

Alberto anazula ndodo zachitsulo za mjigowo imodzi ndi imodzi, napeza kuti mphira imene imakoka madzi pansi yadyeka ndi mchenga. Anapalasa njinga mpaka ku Mangochi kukasaka ina. Madzi atatuluka, komiti yomweyo inagwirizana naye kuti mjigo ukhale m'manja mwake, kukonza kukhale kwake, ndipo khomo lililonse lizimupatsa mbale ya chimanga kapena ya usipa pamwezi. Analemba papepala long'amba m'kope la mwana wasukulu. Ndaliona. Dzina la amalume lili pansi pake, ndipo palibe amene anawagwira dzanja.

Kuyambira pamenepo Alberto anaika lamulo limene linamudanitsa ndi mudzi wonse. Tsiku ndi tsiku, kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, ankamanga chogwirira cha mjigo ndi tcheni n'kutseka ndi loko. Amayi akafunsa chifukwa, ankawafunsa ngati iwo ndi amakaniko. Anthu anamasulira okha, ena kuti akufuna kugwadiridwa, ena kuti monga Mkatolika akuchitira dala kuti Asilamu asowe madzi osamba asanaswali masana. Ine ndinamuumiriza kuti andiuze, ndipo anandiyankha osadzutsa mutu pa chubu chimene ankamata.

"Mwakhala ku Zomba zaka zinayi mukuwerenga mabuku, koma simudziwa kuti chitsime chimatopa?"

Chitsime chathu n'chosazama ndipo chili mumchenga. Mukachipopa osapumira, madzi amatsika, mjigo n'kuyamba kuyamwa mchenga, mchengawo n'kudya mphira. Maola anayiwo ndi opatsa madzi mpata wokwera. Kufotokoza zimenezi sikutenga mphindi ziwiri, koma Alberto sanatayepo mphindi ziwirizo pa mayi aliyense wa pa Mtengeza kwa zaka zinayi. Pa chilala cha 1992 mijigo ya midzi yoyandikana nafe inafa yonse, wathu wokha n'kutsala, anthu akubwera ndi njinga kuchokera kutali. Palibe amene anamuthokoza, ndipo iyenso sanachite chilichonse chopangitsa kuti kumuthokoza kukhale kosavuta.

Chimene chinaphulitsa nkhani chinachitika mu Okutobala chaka chathachi, Lachisanu. Che Tatu, mayi wachikulire wa kuseri kwa mzikiti, anamwalira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Kwathu kuno Msilamu akamwalira sagona pamtunda, amaikidwa tsiku lomwelo, ndipo abambo anafuna kunyamula maliro akangotuluka mu swala ya Lachisanu. Che Ajira, amene amasambitsa mitembo ya akazi m'mudzi mwathu, anafika pamjigo ndi amayi anayi dzuwa lili paliwombo, napeza tcheni. Anapita kwa Alberto, amene nyumba yake ili pafupi pomwepo, namupempha kiyi. Iye anati adikire 3 koloko.

"Bambo, munthu wagona pamphasa akudikira madzi," anatero Che Ajira.

"Wakufa sathamangira, mayi. Tengani a mumgolo umo, ndi ambiri. Sindikulipiritsani."

Mgolo umene analozawo ndi umene Joana amaviikamo zophikira kachasu. Mudzi wonse umaudziwa, ndipo amene saudziwa mphuno imamuuza. Tsiku limenelo munalidi madzi oyera, koma palibe mayi wachisilamu amene angasambitse mtembo ndi madzi ochokera m'chiwiya cha mowa. Che Ajira anasuzumiramo, analavulira pambali, natembenuka. Pasanathe theka la ola abambo anabwera ndi hamala n'kuswa loko. Che Tatu anasambitsidwa, anakulungidwa mu nsanda, naikidwa dzuwa lisanapendeke kwenikweni.

Mlandu weniweni wa Alberto ndi umenewu, ndipo sindiuchepetsa. Munthu amene wakhala pakati pa Asilamu zaka zisanu ndi chimodzi, ana ake akusewera pabwalo la mzikiti, alibe chifukwa chosadziwira mmene timaikira akufa athu. Kuzula ndodo za mjigo tsiku limodzi chifukwa cha mchenga n'kwapafupi kuposa kuzula mawu aja m'makutu mwa amayi asanu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mpaka lero iye amakhulupirira kuti anachita chifundo. Ndinamuuza kuti atenge Joana, anyamule shuga ndi nkhuku, akapepese kwa ana a malemu ndi kwa Che Ajira. Anandifunsa ngati kuno munthu amapepesa chifukwa chopatsa anthu madzi aulere.

Komiti imene inagona zaka zinayi inadzuka sabata yomweyo. Inaitanitsa msonkhano m'kalasi ya kupulayimale n'kulengeza kuti mudzi uwombola mjigo wake, umubwezera Alberto zimene anawononga pogula zitsulo, pepala lija ling'ambidwe. Amalume analankhula nthawi yaitali. Anati madzi ndi a Mulungu, sangakhale m'thumba la mlendo. Anati tsopano ndi nthawi ya matipate, zinthu za anthu zibwerere kwa anthu. Anthu anawomba m'manja, kuphatikizapo ena amene anabwera ndi Alberto pa lole imodzi kuchokera ku Chiponde, amene anaona kuti kuli bwino kukhala kumbali ya eni mudzi.

Aliyense m'kalasimo ankadziwa chimene chikuweruzidwa, ngakhale palibe anachitchula. Nkhondo ya ku Mozambique yatha, ufa wa kumsasa ukutha, ndipo malole akubweza anthu kwawo sabata iliyonse. Wotsala kuno ndi amene ali ndi chomugwira. Alberto alibe munda wodyetsa banja, machubu a njinga sadyetsa anthu asanu, ndipo nyumba yake ya ku Cuamba inatenthedwa. Ana ake awiri anabadwira pa Mtengeza, ndipo onse atatu amalankhula Chiyao kuposa ine. Kumulanda mjigo kunali kumukweza lole.

Ndinaimirira. Ndinati ndikuvomereza kuti mjigo ndi wa mudzi, ndipo sunayenere kuperekedwa kwa munthu mmodzi poyamba pomwe, koma amene anaupereka ali pampando pomwepa. Ndinafunsa kuti mwa anthu khumi a komitiwa ndani anazulapo ndodo, ndani akudziwa kumene mphira imagulidwa.  Ndinapereka ganizo lakuti mudzi utenge umwini, Alberto akhale wokonza, maola opumitsa chitsime atsalire, koma kiyi wachiwiri akhale ndi Che Ajira kuti maliro asadzadikirenso tcheni.

"Iwe mphwanga, kuno si ku Zomba. Khala pansi," anatero amalume.

Sindinakhale. Amene anandikhazika ndi Che Ajira. Analankhula ali chikhalire pamphasa ya amayi, osakweza mawu. Anati iwo asambitsa akufa a mudzi uno zaka makumi atatu ndipo sanapemphepo kiyi wa munthu. Anati sangasunge kiyi wa loko mmodzi ndi munthu amene anawalozera mgolo wa kachasu, ndipo ngati munthuyo akanafuna kiyi wachiwiri akanabwera yekha kudzanena, osatuma mwana wa eni ake. Ndinakhala pansi. Mwa onse amene analankhula tsiku limenelo, iwo okha ndi amene sankabisa china kuseri kwa mawu awo.

Misonkhano inachitika itatu. Pa wachiwiri anamuuza Alberto kuti atchule mtengo, iye anakana, nati sakugulitsa kanthu. Pa wachitatu, mu Januwale, komiti inabwera ndi envelopu ya ndalama n'kuiika patebulo la aphunzitsi. Ndinali nditamuchonderera Alberto m'mawa wa tsikulo kuti angonena mawu awiri opepesa pamaso pa anthu, chifukwa ndinkadziwa kuti amayi ena, amene amakumbukira chilala, akanamuikira kumbuyo. Alberto anaimirira, anayang'ana amalume, nati atsegule mjigo tsiku lonse monga akufunira, ndipo mchenga ukadzadya mphira adzalembenso kalata kuboma. Anaika kiyi wa loko watsopano, wolowa m'malo mwa woswedwa uja, pambali pa envelopu, osaikhudza envelopuyo, natuluka.

Anthu ena akuti anachita matama, ndipo pamenepo akunena zoona. Ena akuti mudzi wapambana, ndipo amenewo ndikuwafunsa kuti wapambana chiyani. Komiti yasankha anthu awiri oti akaphunzire kukonza mjigo, mmodzi ndi mlamu wa amalume, winayo amakhala ku Chembe miyezi isanu ndi itatu pachaka akuwedza. Sindikulosera kuti mjigo ufa. Mwina Alberto ankakokomeza za mchenga kuti aoneke wofunika, ndipo ine si makaniko. Ndikungonena kuti mudzi umene unali ndi ufulu wonse wotenga madzi ake unasankha njira imodzi yokha imene inafuna kuti banja la anthu asanu lichoke, ndipo mwini banjalo anauthandiza ndi manja onse awiri.

Amalume akuuza anthu kuti zonsezi n'zongoopseza, kuti Alberto sapita kulikonse chifukwa alibe kolowera, ndipo njala ikamugwira adzabwera yekha kudzapempha ganyu ya pamjigo. Lolemba lapitali ndinakwera matola mpaka ku Chiponde n'kukawerenga mndandanda umene wamatidwa pakhoma la ofesi yolembera obwerera kwawo. Pa lole ya pa 21 Febuluwale yopita ku Mandimba palembedwa Alberto Napua, Joana Napua ndi ana atatu.