Mkwiyo wa Magdalene pa Chishalo

Magdalene anakwera kavalo koyamba atapitirira zaka makumi anayi, ndipo sanakwere chifukwa chokonda akavalo. Kwawo ku Zomba ankangowaonera patali, alendo akuyenda nawo m'tinjira ta paphiri. Ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, komwe amagwira ntchito yojambula ekisilei pachipatala china cha m'tauni, za akavalo analibe nazo ntchito mpaka pamene mwamuna wake, Chester, anamusiya.

Chester anali wa fizo, wothandiza anthu othyoka kuti ayambenso kuyenda. Mmodzi mwa odwala ake anali Melissa, mzungu wa ku Indianapolis amene anagwa pakavalo n'kuthyoka m'chiuno, ndipo ankachirira kwa makolo ake ku South Bend. Chiuno chitachira Melissa anabwerera ku Indianapolis, Chester n'kumutsatira. Ankhoswe anayesa kuikamba nkhaniyo pafoni ali kumudzi, koma Chester anali atapeza kale nyumba ku Beech Grove, m'mbali mwa Indianapolis.

Zimenezo Magdalene anameza. Chimene chinamukanika kumeza chinachitika pa chikondwerero cha ufulu chimene Amalawi anakonza m'paki ina ku Speedway, kufupi ndi Indianapolis komweko. Chester anabwera ndi Melissa, ndipo atakhuta anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa amuna anzake vidiyo ya mkaziyo ali pakavalo. Anali masewero aja amati diresaji, amene kavalo amayenda mwadongosolo ngati akuvina, majaji akupereka malikisi pa kayendedwe kalikonse.

"Taonani mkazi wodziwa kunyamula thupi lake," anatero Chester mokweza. "Ena aja ngakhale panjinga amakhala ngati thumba la makala."

Amunawo anaseka. Magdalene anali kumbuyo kwawo, mbale ya samusa ili m'manja. Mnzake Tusekele, nesi amene anabwera naye pagalimoto imodzi, anamugwira mkono.

"Asisi, tiyeni tizipita. Musawayankhe."

Ananyamukadi. Magdalene anadiraiva mpaka ku South Bend, ndipo Loweruka lotsatira anakagogoda pafamu ya Mayi Wozniak, kunja kwa mzinda. Anali mayi wachikulire, wotsimphina, amene moyo wake wonse wakhala akuphunzitsa diresaji.

"Mukufuna kukwera kongosangalala?" anafunsa Mayi Wozniak.

"Ayi. Pali munthu amene ndikufuna kumugonjetsa."

"Ali pa mlingo uti?"

"Wapamwamba."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Simunagwirepo ngakhale chingwe cha kavalo. Zimenezo zitenga zaka zambiri."

"Zaka ndili nazo," anatero Magdalene. "Chimene ndilibe ndi mwamuna."

Mayi Wozniak anaseka mpaka kutsokomola, kenako anakatulutsa kavalo m'khola.

Zaka zinadutsadi. Magdalene ankaweruka kuchipatala n'kulunjika kufamu, kaya kukutentha kaya sinowo watseka msewu. Anagwa kambirimbiri, ntchafu zinatupa, nthiti ina inasweka ndipo anaiona yekha pa ekisilei ya kuntchito kwake. Anasiya kwaya ya kutchalitchi. Mwana wake Mervin, yemwe anali ku yunivesite, akamuimbira ankamva Chichewa cha amayi ake bwinobwino koma ankayankha m'Chingerezi kuti zimene akuchitazo ndi misala. Magdalene ankangoti, "Eya, ndi misala. Wadya?"

Atadutsa mipikisano yaing'onoing'ono, Mayi Wozniak anamupatsa Gustav, kavalo wofiirira amene anachitapo kale mipikisano yapamwamba ndi wokwera wina. Gustav ankadziwa zonse, koma sankapatsa chilichonse munthu wopempha molakwika. Pa iye ndi pamene Magdalene anaphunzira zimene majaji amayang'ana. Kavalo akamayenda chopingasa, kupita kutsogolo ndi cham'mbali nthawi imodzi, mapewa ake ayenera kutsogola ndipo thupi lipindikire komwe akulowera. Matako akangotsogola, malikisi atsika. Pa piruweti, kavalo amazungulira pa miyendo yakumbuyo, miyendoyo ikupondabe m'kabwalo kongofanana ndi lichero. Ikangomatirira pansi, zawonongeka. Ndiye pali kusintha mwendo wotsogola ali m'malere, mobwerezabwereza, thupi lili lowongoka ngati nsungwi.

"Malikisi amayambira pakona," ankatero Mayi Wozniak. "Ukadula kona, chotsatiracho wachitaya kale."

Mpikisano wake woyamba wa mlingo wapamwamba unali wochititsa manyazi. Polowa m'piruweti, nkhope ya Melissa inamubwerera m'maso, manja anauma, ndipo anakoka zingwe ngati akufinya chovala. Gustav anangoima, makutu atagoneka kumbuyo. Atatuluka m'bwalo Magdalene ankayembekeza ulaliki wa kukhululuka, ngati umene Tusekele ankamupatsa Lamlungu lililonse. Mayi Wozniak sanalalike.

"Sindikuti umukhululukire," anatero. "Mkwiyo ndi umene wakufikitsa pano, usautaye. Koma usaupatse kavalo wanga. Uike m'mimba ndi kumsana, ukuthandize kukhala chilili. M'manja musakhale kanthu."

Magdalene anatenga mawuwo ngati mankhwala. Nyengo yonse yozizira anapurakitisa chinthu chimodzi chokha: kudana ndi munthu manja ali ofewa.

Chilimwe chotsatira kunali mpikisano pafamu ina kunja kwa Indianapolis, ndipo dzina la Melissa linali m'gulu lomwe Magdalene analembetsa. Tusekele anatenga ofu n'kumuperekeza, ati kuti akamugwire zinthu zikafika poipa.

Pageti ya bwalo pamaima anthu ndi mathaulo, opukuta fumbi pa majombo a wokwera asanalowe. Chester anali pomwepo, atanenepa, thaulo lili paphewa, akudikira Melissa amene anali akutenthetsabe kavalo wake. Magdalene anamuonera patali. Anatsitsa chipewa chake pamphumi, anayendetsa Gustav pang'onopang'ono mpaka pambali pa mwamunayo, n'kutambasula mwendo osanena kanthu. Chester, mwachizolowezi, anawerama ndi kuyamba kupukuta. Anapukuta chidendene, anapukuta chala, anazungulira kukapukuta jombo linzake.

"Zikomo, bambo a Mervin," anatero Magdalene m'Chichewa. "Pakatipo pasala fumbi."

Chester anadzutsa mutu. Apo m'pamene anamuzindikira. Belu la jaji linalira, ndipo Magdalene analowa m'bwalo.

Anakwera ngati munthu wodekha, ngakhale m'mimba munali moto. Kona iliyonse anailowa mpaka mkati. Poyenda chopingasa, mapewa a Gustav anatsogola ndipo anafika ndendende pa chilembo choyenera cha m'mbali mwa bwalo. Piruweti ya kumanzere inakula pang'ono, koma miyendo sinaleke kuponda. Ya kumanja inali yaing'ono, yofewa, moti anamva Mayi Wozniak akuguguda ndodo yawo pansi kuseri kwa mpanda. Posintha miyendo analakwitsa kamodzi, chifukwa anadziwa kuti Chester akuyang'ana ndipo anafuna kuti zioneke kwambiri. Anangopitiriza.

Melissa analowa pambuyo pake ndi kavalo wamng'ono msinkhu, wakuda bii, wokongola kuposa Gustav kutalitali. Magdalene sanapite kukhola. Anapereka zingwe kwa Mayi Wozniak n'kutsamira pampanda, pamalo oonekera. Melissa ankadziwa kukwera, zimenezo sakanakana. Koma ankathamangira, akudula makona, ndipo pa piruweti yoyamba kavalo wakudayo anamatirira miyendo pansi n'kungopotoloka ngati chitseko. Poyenda chopingasa matako anatsogola. Chilichonse cholakwika Magdalene ankachilandira ngati chidutswa cha nyama.

"Asisi, mukumwetulira," ananong'ona Tusekele. "Ndi tchimo limenelo."

"Ndikudziwa. Tayang'anani, walakwitsanso."

Zotsatira zitatuluka, Magdalene sanali woyamba. Anamuposa atsikana awiri amene anayamba kukwera asanadziwe kuwerenga. Koma dzina lake linali pamwamba pa la Melissa, ndipo pakati pawo panali mayina ena angapo.

Ali mkati mosambitsa Gustav, Melissa anabwera yekha, chipewa chili m'manja, tsitsi litanyowa ndi thukuta.

"Ndinaonako piruweti yanu ya kumanja," anatero mwaulemu. "Inali yabwino kwambiri. Mumakwera kwa ndani? Sindinakuonenipo."

Magdalene anatseka mpope. Zaka zonsezo ankagona ndi nkhope ya mkaziyu, kudzuka nayo, kugwa nayo mumchenga, pamene mkaziyo sankadziwa n'komwe kuti iye amaoneka bwanji. Chimenechi chinamuwawa kuposa nthiti ija.

"Munandionapo," anayankha. "Ndine amene ndinkachapa malaya a mwamuna amene mukukhala nayeyo. Dzina langa ndi Magdalene. Muliyang'ane pamwamba pa lanu."

Nkhope ya Melissa inafiira. Anayang'ana kumbuyo, komwe Chester ankanamizira kukonza chishalo, ndipo anachoka osatsanzika. Patapita kanthawi mawu awo anamveka kuseri kwa ngolo ya akavalo, a mkazi okwera, a mwamuna otsika.

Pobwerera ku South Bend, Gustav ali m'ngolo kumbuyo, minda ya chimanga ikudutsa mbali zonse, Tusekele anayambanso.

"Basi tsopano, asisi. Mwabweza. Mubwerere kukwaya, alito yatha mphamvu."

"Ndamva kuti chaka chamawa Melissa akufuna kukwera pa mlingo wina woposa uwu," anatero Magdalene, maso ali pamsewu.

"Ndiye?"

"Ndiye andipeza komweko."

Mayi Wozniak, amene onse ankaganiza kuti ali m'tulo pampando wakumbuyo, anafunsa kuti akukambirana chiyani. Atawamasulira, mayiwo anati Gustav wakalamba, mlingo umenewo sangaufike, koma kukhola kuli kavalo wamkazi wovuta mtima amene palibe akumufuna. Magdalene anafunsa ngati angamuyese Lolemba akaweruka.

Amakwerabe mpaka lero. Kavalo wamkaziyo anamuluma kawiri sabata yoyamba, ndipo piruweti sanaigwirebe bwino. Kutchalitchi Magdalene amapita, amakhala kumbuyo, ndipo pa Pemphero la Ambuye pali mzere umene amaudumpha.