Kompyuta ya Achimwene Anaigawa Ngati Mbuzi

Mpaka lero ndikawaona amalume akudutsa pa Nsipe ndi njinga yawo, mtima wanga umawira. Moni ndimawapatsa chifukwa ndinaleredwa, koma zimathera pomwepo.

Achimwene anga atamwalira, tsiku lometa akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa pichesi kugawa katundu. Zovala, nsapato, makasu, zonsezo zinayenda bwino. Kenaka anatulutsa kompyuta imene achimwene ankajambulira makwaya a m'mipingo ya kwathu kuno. Amalume anaiyang'ana n'kunena kuti chinthu chachikulu chotere sichingapite kwa munthu mmodzi, ena angadandaule. Ndiye anaigawa ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Sikirini anatenga okha poganiza kuti ndi TV. Masipika ndi kiyibodi anapatsa msuweni wathu wa ku Kandeu. Bokosi lenilenilo, mmene mumakhala zonse, analikankhira kwa azakhali poti linkaoneka lopanda ntchito. Ndinayesa kutsegula pakamwa. "Iwe khala chete, mwana wamkazi sayankhula pa katundu," anatero amalume. Ndinameza mawu, ndipo ndimadzida nazo mpaka pano.

Patapita miyezi inayi amayi anasiya kudya bwino. Tsiku lina tikusankha mbewu ya mbatata ya kachewere pakhonde anandiuza kuti, "Nkhope ndikuikumbuka, koma mawu a mwana wanga ayamba kundithawa." Achimwene ankaimba besi, ndipo ndinkadziwa kuti nyimbo zawozawo, zimene sanamalize, zinali m'bokosi muja. Kwina kulikonse kunalibe.

Ndinayenda khomo ndi khomo ngati wopemphetsa, kupempha zinthu za m'bale wanga yemwe. Msuweni anapereka popanda kuvuta. Amalume anandibwereka sikirini monyinyirika, ati TV yake ndi yakufa, siigwira siteshoni iliyonse. Kwa azakhali ndiye ndinangoti kakasi. Bokosi lija analiika kukhitchini, analigoneka chammbali, pamwamba pake n'kusanjikapo ndowa ya madzi akumwa. Ati ndi lolimba, silipendama. Mayo ine!

Ndinaliyanika padzuwa masiku awiri, kenaka ndinalipititsa m'chipinda cha achimwene, mmene muli magetsi. Ndinalumikiza zingwe mmene ndinkaonera eni ake akuchitira. Inayaka. Ndinatsegula nyimbo, timizere toonetsa mawu tikuvina pa sikirini, koma mawu zii. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, zii. Masipika ndinawayesa pa foni yanga, analira bwinobwino. Ndinasintha chingwe, ndinabwereka mahedifoni, ndinalowetsa pa kabowo kalikonse kumbuyo kuja, kobiriwira, kofiira, kabuluu, osamveka kanthu. Kukopera pa fulashi kunali kungotaya nthawi, chifukwa nyimbo zosamaliza zimatseguka ndi pulogalamu ya achimwene yokhayo.

Masana amenewo amalume anafika kudzaona ngati sindinawonongere sikirini yawo. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu. "Malemu akana. Za akufa musamazikakamize, mudzatiitanira tsoka pamudzi pano."

Apa ndiye ndinaphulika. "Amalume, akana ndi malemu kapena ndi ndowa ya azakhali? Munaduladula chinthu chimene simukuchidziwa, lero mukunamizira munthu amene ali m'manda? Manyazi mulibe?" Amayi anandikoka chitenje, koma mawu anali atatuluka kale. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Ndinatenga sikuludiraiva n'kumasula chivundikiro iwo akuona. M'kati munali mwaye ndi zitosi za mphemvu. Saundi khadi, kabolodi kamene kamatulutsa mawu, kanali katadyedwa ndi dzimbiri, timano take tagolide titasanduka tobiriwira. Madzi a m'ndowa ankadonthera pomwepo. Achimwene anagula kabolodi kameneka chifukwa kabowo ka mawu ka kompyuta yeniyeniyo kanafa kalekale, choncho popanda iko panalibe potulukira mawu. Ndinakazula n'kukaika pafupi ndi mphuno ya amalume. "Mzimu wanu uja ndi uwu." Anachoka osatsanzika.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Boma. Bambo wina wokonza makompyuta kuseri kwa msika anavundukula katoni ya zida zakufa mpaka anapeza khadi yofanana ndendende. Anandilangiza kuti ndizule kaye chingwe cha magetsi, ndigwire chitsulo cha bokosi ndisanakhudze khadi, kenaka ndiikanikize mowongoka mpaka ikhale, osaipotoza. Nditafika kunyumba ndinachita zomwezo.

Ndinaitana amayi, anakhala pa mpando wa achimwene. Ndinatsegula nyimbo yomaliza pa mndandanda. Kunamveka kutsokomola, kenaka besi ija, yokhayokha, popanda kwaya, popanda choimbira. Amayi anagwira pakamwa. Nyimbo ili pakati, kunamveka mawu ena chapatali, a amayi omwewo, akuitana panja tsiku limene ankajambulalo.

"Iwe, tabwera udzanditule thumbali!"

"Ndikubwera, amayi!"

M'masipikamo mpando unakhwekhwerezeka, chitseko chinatseguka n'kutsekeka. Achimwene anaiwala kuimitsa, choncho kompyuta inapitiriza kujambula chipinda chopanda munthu. Tinamva nkhuku panja, ndi lole ikudutsa pa msewu waukulu. Ndinayang'ana pa sikirini, mzere wa mawu unali utagona mpaka kumapeto. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma amayi anandigwira mkono mwamphamvu.

"Usazimitse. Wanena kuti akubwera."