Thambo Likufutukuka, Munda wa Achimwene Ukuchepa

Loweruka lapitali anandiitanitsa ku Tsangano kuti ndikaweruze nkhani ya m'banja. Tadala, mwana wa achimwene anga, wamaliza ku yunivesite ndipo wapeza malo kunja kwa dziko oti akapitirize maphunziro a nyenyezi. Achimwenewo, mlimi wa kachewere, anali atakana. Iwo ankafuna kuti aphunzire unamwino.

"Kodi nyenyezi zimadwala?" anandifunsa ndisanakhale n'komwe pansi.

Tadala sanalimbane nawo. Anamasula mphira yomangira matumba panjinga, n'kulembapo timadontho ndi choko.

"Ababa, gwirani uku. Kokani."

Anakoka. Timadontho tonse tinatalikirana.

"Kayenda ndi kati pamenepa?" anafunsa Tadala.

"Palibe. Yatamuka ndi mphirayi."

"Ndi mmenenso thambo lilili. Magulu a nyenyezi akutalikirana, osati poti akuthawana, koma danga lenilenilo likufutukuka. Ndipo dangalo n'lolukana ndi nthawi. Pali m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, chachinayi n'nthawi."

Achimwene anaponya maso kumunda. "Nanga wangawu bwanji ukungochepa chaka ndi chaka? Kapena ukufutukukira kwa aneba?"

Ndinaseka mpaka misozi. Koma tinene zoona, abale anga. Si mmene tilili tonse? Mwana akafunsa za kumwamba timamudula: "Zimenezo udzadya?" Chonsecho ife omwe timatha tsiku lathunthu pamsika wa Nsipe tikukangana za mpira, kapena za chipani chimene chiwine mavoti. Zimenezo ndiye tinadyapo liti?

Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Wofunsa akapezeka m'nyumba mwathu, timati sukulu yamuzunguza mutu.

Achimwene anali chigwirire mphira ija, akuikoka, akuibweza.

"Iwe Tadala, mphirayi ili ndi pothera. Nanga thambolo likufutukukira kuti?"

"Mwina kulibe kunja koti lilowereko, ababa. Zambiri sitinazidziwebe."

"Zaka zinayi kusukulu, osadziwa?"

"Ngakhale aphunzitsi anga sadziwa."

Achimwene anatsokomola, monga amachitira akagonja koma osafuna kuti tione.

"Ndiye pita ukafunse. Koma yankholo udzayambe kundiuza ine, ena adzamve pambuyo."

Tadala anagwada n'kuwomba m'manja, misozi ili lengelenge.

Mlimi wa kachewere uja funso linamugwira masana amodzi okha. Nanga inu, mwana wanu atabwera ndi funso losalowa mumphika, mungamulole alimalize?